A Msomali Saoneka mu Vidiyo

A Msomali ndi munthu wonyamula katundu wa anthu osamuka. Ntchito imeneyi aigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa kampani imodzimodzi, ndipo udindo wawo ndi womwe uja anayamba nawo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo chifukwa cha maonekedwe: thupi lowonda ngati dothi linatha powaumba, mutu waukulu, wophwatalala pamwamba. Iwo sakwiya nalo. Amati msomali ndiwo umagwira denga, ngakhale oyamikira amayamikira malata.

Amene sanatsitsepo kabati kuchokera m'nyumba yosanja amaganiza kuti ntchitoyi ndi ya mphamvu basi. Amanama. Pamasitepe pamafunika anthu atatu. Wina amagwira kumwamba, wina kumunsi, ndipo awiriwa saona kanthu kupatula thabwa lili pamphuno pawo. Wachitatu sagwira. Iye amadzipanikiza kukhoma n'kudutsa, kukachotsa mphika wa maluwa, kukatsekula chitseko, kukaima pokhota masitepe kabati isanafike, kuti ikafika ailandire ndi phewa. Eni nyumba akamaonerera amati wachitatuyo ndi mlesi. Koma tsiku limene wachitatu wadwala ndi limene galasi la kabati limasweka. Wachitatu ameneyu pa lole yawo ndi a Msomali.

Mpira anauyamba atakula, imvi zitayamba kale kusuzumira m'ndevu. A Kapitawo, amene amayang'anira lole ndi anthu ake, ndiwo anayambitsa timu zaka zinayi zapitazo dokotala atawauza kuti mimba yawo yakula kuposa nzeru. Si mpira wa pabwalo lalikulu ayi. Ndi uja wa m'holo, wa anthu asanu mbali iliyonse, umene ophunzira amati futsal. Amasewera Lachiwiri ndi Lachisanu akaweruka, m'holo ya sukulu ina pafupi ndi depoti. Pansi ndi pamatabwa, pojambulidwa mizere ya masewera atatu osiyana moti mlendo sadziwa mzere wake ndi uti. Pakona pali ndowa yolandira madzi a denga lodontha. Benchi ndi limodzi. Mpira wake ndi waung'ono, wolemera, wosadumpha, ndipo bwalo ndi lochepa kwambiri moti ukautaya, usanamalize kutukwana, adani amwetsa kale.

Kunena zoona, a Msomali mpira sautha. Ukafika paphazi pawo umaoneka ngati munthu wakwera basi yolakwika. Sabata yoyamba yomwe a Kapitawo anaika lamulo.

"Iwe Msomali, kukhudza kamodzi basi. Ukaukhudza kawiri, kachiwiriko ukakhudze chitseko."

Ukaipa dziwa nyimbo. A Msomali anaona kuti m'holomo mulinso masitepe ndi kabati, ngakhale sizioneka, ndipo anayamba kuchita zomwe amachita kuntchito. Mpira ukakhala kwa a Kapitawo kumbuyo, iwo amabwera ngati akudzaupempha, dzanja m'mwamba, nkhope ya wanjala. Wowalonda amawatsatira. Kenako mwadzidzidzi amapotoloka n'kuthamangira kumsana kwa munthuyo. Mpira supita kwa iwo. Umapita kutsogolo kwa Dalaivala, chimunthu chokhala ngati firiji ya zitseko ziwiri, chimene chimaima chitafulatira golo la adani. Maso onse amatsata mpira, pakuti amenewo ndiwo matenda a munthu. Dalaivala amauponda, n'kuukankhira pambali pamene palibe aliyense. Mpira ukamafika pamenepo, a Msomali nawonso akufika. Kukhudza kamodzi, kuudutsitsa kutsogolo kwa golo, ndipo Manzere, womwetsa zigoli wawo, amangouika muukonde n'kuyamba kuvina ngati wachita zonse yekha.

Zimenezi zimatheka kamodzi pa maulendo khumi. Maulendo enawo mpira subwera n'komwe. A Msomali amangothamanga, atakoka mdani mmodzi n'kupita naye kukona ngati munthu wokataya zinyalala, ndipo pamene wachoka mdaniyo pamatseguka njira yoti ena adutse. Palibe amawaombera m'manja. Iwo sadandaula, anazolowera pamasitepe.

Tsoka linabwera ndi Kalaliki wa mu ofesi. Bondo lake ndi lovuta, choncho sasewera. Amakhala pabenchi n'kumajambula ndi foni, mawa lake n'kutumizira onse. Koma Kalaliki amatsata mpira, ndipo amautsata mochedwa. Foni ikamafika pamene a Msomali akhudza mpira, eni ake achokapo kale. Chigoli chikalowa amadumpha, ndiye mu vidiyo mumaoneka denga, magetsi, nthawi zina mphuno zake. Pa chithunzi cha timu yonse Kalaliki amafuna aonekemo, ndipo wogwira foni amakhala a Msomali, poti sakana. Zaka zinayi zinatha chonchi.

Akazi awo a Msomali ndi telala, ndipo anthu amangowatchula kuti Atelala. Amasokera kunyumba, makina ali pazenera la pabalaza, pansi pali tizidutswa ta nsalu, ndipo pakamwa pawo sipasowa mapini. Ndi munthu woyeza kawiri asanadule. Lachisanu lina akazi a Dalaivala anabwera kudzakulitsa diresi, ndipo podikira anayamba kunyadira amuna awo, kuonetsa mavidiyo a mpira. Anaonetsa khumi ndi imodzi. Atelala anaonera onse, n'kupempha kuti awatumizire.

Lachisanu limenelo a Msomali anafika dzuwa lisanalowe, jezi ili chonyowa, akuimba mluzu.

"Bambo, takhalani apa."

Anakhala pampando wa makasitomala. Atelala anachotsa mapini pakamwa, chinthu chimene amachita pokhapokha nkhani ikakhala yaitali, n'kuwaikira foni pamphuno.

"Uyu ndani?"

"Ndi Manzere."

"Uyu?"

"Dalaivala. Simukumuona kukula kwake?"

"Ndikumuona bwinobwino. Awa ndi a Kapitawo. Uyu ndi goloboyi. Ili ndi denga. Nanga inu muli kuti?"

"Ndili kumanja uku, mayi. Foni sinafikeko."

"Mu iyi?"

"Kumanzere."

"Foni ya Kalaliki ili ndi chidani ndi inu?"

A Msomali analanda foni, nabwezera m'mbuyo, naimitsa, nabwezeranso. Pa vidiyo yachisanu ndi chiwiri anakuwa mosangalala.

"Apa! Chidendene ichi ndi changa!"

Atelala anayang'ana chidendenecho nthawi yaitali.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri tili pabanja, ana atatu, ndiye umboni wanu ndi chidendene."

"Nanga thukutali? Gwirani jeziyi."

"Thukuta limatuluka pa ntchito zambiri, bambo."

"Funsani a Kapitawo! Funsani Dalaivala!"

"Amuna mumaikirana kumbuyo ngati akuba a msika umodzi. Kawiri pa sabata, zaka zinayi, munthu wosamwetsa, wosaoneka, ngakhale pachithunzi mulibe. Ndiuzeni dzina lake ndimusokere diresi."

A Msomali anayesa kufotokoza. Anatenga mabatani anayi pa tebulo, anati ili ndi ine, ili ndi Dalaivala, mpira ukapita uku ine ndimapita uko. Atelala anafunsa funso limodzi lokha: ngati mpira uli uku, munthu wamutu wake angathamangire uko chifukwa chiyani? Kenako anatola mabatani awo, nakwera pampando, natsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

"Ndamva kuti mawa masana muli ndi mpikisano. Ndikubwera. Ndikakapeza kuti mpira simuudziwa njira yake, sutikesi iyi ikupita kwa achemwali, ine ndi makina anga tili pambuyo."

Mkazi wina a Msomali analibe. Si chifukwa cha chiyero chokha. Munthu amene wanyamula mafiriji tsiku lonse, n'kukathamanganso ola lathunthu popanda mpira, mphamvu zochimwira amazipeza kuti? Ndiponso akazi awo amawakonda, ngakhale sananenepo, poti mawu otere amawaona ngati a m'mafilimu. Koma choonadi chopanda mboni chimafanana ndi bodza ngati mapasa.

Loweruka masana anakumana ndi timu ya ophika buledi, anyamata a manja akuluakulu, odzuka m'mamawa, opanda chisoni. Atelala anafika mpira usanayambe, atavala diresi yawo ya kutchalitchi, nakhala kumapeto kwa benchi, chikwama pamiyendo. Kalaliki anasendera kutali pang'ono.

Apa ndi pamene a Msomali anachita uchitsiru umene anzawo sadzauiwala. Anaganiza kuti ngati vuto ndi kusaoneka, mankhwala ake ndi kuoneka. Oyimbira atangoliza wezulo, iwo anathamangira kumene kuli mpira.

"Kuno! Kuno, a Kapitawo!"

A Kapitawo anadabwa, koma anawapatsira. A Msomali anaukhudza kamodzi. Anaukhudza kawiri. Kachitatu anayesa kudyetsa njomba wophika buledi, mwendo unadutsa pamwamba pa mpira, mpira unatsala, ndipo pamene ankatembenuka kuti aufune unali kale muukonde wawo.

"Msomali, wadya chiyani?" anafunsa goloboyi akutola mpira.

Sanamve. Kulikonse kumene mpira unapita, iwo anali komweko. Anakaima pambali pa Dalaivala, n'kumubweretsera adani awiri ngati mphatso. Analanda mpira paphazi pa Manzere, mnzawo wa timu imodzi. Kumbali kumene ankathamanga masiku onse kunali zii, ndipo ophika buledi, posowa wowasokoneza, anangoima mwadongosolo n'kumadikira kuti mpira uwapeze. Dalaivala anaukankhira pambali mwachizolowezi, ndipo unangogubuduka wokha mpaka kukagunda ndowa ya pakona. Chachiwiri chinalowa. Chachitatu chinalowa a Msomali atagwa chagada pakati pa bwalo, akuyang'ana kubenchi ngati akazi awo aona khama lawo.

Anaona. Ngakhale foni ya Kalaliki tsiku limenelo inadzaza ndi a Msomali okhaokha.

Popumulira a Kapitawo anali asanapeze mawu oyambira pamene kunamveka nsapato za gogoda pamatabwa. Oyimbira anakuwa kuti, "Mayi, nsapatozo m'bwalo ayi!" koma Atelala anangowayang'ana kamodzi, oyimbira n'kuyamba kufunafuna kanthu m'thumba.

"Ndaona zokwanira, bambo."

"Mwandiona eti?" anatero a Msomali akupuma mwawefuwefu, akumwetulira.

"Ndakuonani. Ine munthu akabwera kudzati amadziwa kusoka, ndimangoona mmene wagwirira sizasi. Munthu wobwera muno kawiri pa sabata zaka zinayi sangasewere chonchi. Anzanuwa sakukudziwani, inunso simukuwadziwa. Mwawapempha kuti akubwerekeni malo lero lokha chifukwa ndabwera. Lero ndi tsiku lanu loyamba kugwira mpira."

Kumwetulira kuja kunatsika pang'onopang'ono ngati thalauza lopanda lamba.

A Kapitawo anayang'ana mwamuna, nayang'ana mkazi, ndipo zonse zinawalowa m'mutu.

"Iwe Msomali! Ndiye watipha zitatu chifukwa ukufunsira alamu kachiwiri?"

"Akufuna apite kwa achemwali awo, a Kapitawo. Akuti sindioneka mu vidiyo."

Dalaivala anaseka mpaka madzi anatulukira m'mphuno. Manzere anati iyeyo atakhala kuti saoneka mu vidiyo akanasiya mpira kalekale. A Kapitawo sanaseke.

"Alamu, ine sindikuikirani umboni, poti mwati amuna ndife akuba, ndipo simunaname kwenikweni. Ndikupempha chimodzi. Chigawo chachiwirichi musayang'ane mpira. Mpira ndi wabodza, umapita kwa wonyada. Yang'anani amuna anuwa basi. Ndikudziwa kuti kuwayang'ana nthawi yaitali n'kovuta, koma munalonjeza pamaso pa anthu."

Kenako anatembenukira kwa a Msomali.

"Iwe, ukaukhudza kawiri, makina a alamu ndikanyamula ndekha. Lole ilipo, anyamata alipo, ndipo sitiswa kanthu."

Atelala anabwerera pabenchi. Anakhala mwaukali, koma ndi munthu wachilungamo: atauzidwa kuti ayeze, amayeza.

Poyamba zimene anaona zinali za wamisala. Mpira uli kumanzere, amuna awo akuthawira kumanja. Abwera, aima, apotoloka, athamangiranso kukona, manja ali bwalabwala, popanda wowapatsa kanthu. Anachita manyazi m'malo mwawo. Koma atayang'anitsitsa anaona kuti sakuthamanga okha. Wophika buledi mmodzi, wamtali wa ndevu, ankawatsatira kulikonse ngati ulusi utsata singano. A Msomali atapita naye kukona kachitatu, pakati panatsala mpata woti n'kudutsapo sofa. Manzere anadutsa pomwepo, namenya, mpira uli muukonde.

Holo yonse inayang'ana Manzere akuvina. Atelala okha ndiwo anayang'ana kukona, kumene amuna awo anali atagwira mawondo, ndipo wandevu uja ali pambali pawo akufunsa anzake kuti walakwa ndani.

Patapita mphindi zochepa a Kapitawo anaponda mpira kumbuyo nadzutsa mutu. A Msomali anabwera ngati akuupempha. Wandevu anabwera nawo. Phazi la a Kapitawo lisanakhudze n'komwe mpira, a Msomali anali atapotoloka kale, akuthamanga m'mbali mwa mzere kumsana kwa wandevu, amene maso ake anatsala pampira. Mpira unapita kwa Dalaivala. Dalaivala anali atafulatira golo, mdani atamukangamira kumsana, akuyang'ana kumene mpira wachokera. Sanacheuke. Sanayang'ane ngakhale m'mbali. Anaugunda ndi chidendene kuupititsa pamalo opanda munthu, ndipo Atelala anatsala pang'ono kunena kuti wautaya. Amuna awo anatulukira pomwepo, mwendo ndi mpira kufika limodzi. Kukhudza kamodzi. Mpira unadutsa kutsogolo kwa goloboyi, Manzere anauika.

Atelala sanaombe m'manja. Anangotsitsa chikwama pamiyendo n'kuchiika pabenchi.

Itatsala mphindi imodzi, zigoli zili zitatu kwa ziwiri, anachitanso zomwezo. Ulendo uno goloboyi wa ophika buledi anathamangira kwa Manzere, poti anali ataphunzira, ndipo golo linatsala pululu pamaso pa a Msomali. Mtunda wake unali wosakwana kutalika kwa bedi. Mwana wongoyamba kumene kuyenda akanagoletsa. A Msomali anatseka maso, namenya ndi mtima wonse, ndipo mpira wolemera uja, umene anthu amati sudumpha, unakwera mpaka kukagunda chitsulo cha denga. Fumbi linagwa. Oyimbira analiza wezulo yomaliza.

Anthu akuvula nsapato, Atelala anapita kwa Dalaivala, amene anali atakhala pansi atatsamira khoma.

"Alamu, ndifunse. Paja munamenya ndi chidendene simunacheuke. Munadziwa bwanji kuti alipo?"

"Sanalipo, alamu. Ndimadziwa kuti afika. Ine ndi thupi ili ndikati nditembenuke ndiyang'ane, mpira watha, anthu apita kwawo. Chaka choyamba ndinkaponya iye asanafike. Chachiwiri ankafika ine ndisanaponye. Tinatukwanana mpaka pamaliro a amalume ake sitinkalankhulana. Pano ndimangomva nsapato zake zikalira pamatabwa."

Atelala anagwedeza mutu. Iwonso amayendetsa nsalu pansi pa singano akuyang'ana kasitomala kumaso, ndipo amadziwa kuti zimenezo munthu saphunzira Lachisanu madzulo kuti akanamize mkazi wake Loweruka.

Pobwerera anayenda wapansi, mwamuna pambuyo pang'ono, atanyamula nsapato ndi chikwama cha akazi awo. Atadutsa malo okwerera basi, Atelala anatulutsa foni.

"Achemwali, musavutike kusesa chipinda chija. Ayi, alibe. Ndaona ndi maso anga. Ndi mpira basi, ndiponso sautha."

A Msomali anapuma mpweya umene anausunga kuyambira dzulo lake. Anafulumira kuti ayende nawo limodzi, nayamba kufotokoza kuti chomaliza chija mpira unadumpha pathabwa lotukuka.

"Sunadumphe, bambo, ndinalipo. Koma zimenezo si zanga, akakulangeni a Kapitawo. Changa ndi ichi. Ndiye kuti inu mumadziwa kuona chinthu chisanachitike?"

"Ndiye luso langa limenelo, mayi."

"Mumadziwa kumene munthu akufuna thandizo asanakuitaneni, asanakuyang'aneni n'komwe?"

"Mwaona nokha."

"Ndaona. Dalaivala sacheuka, inu mwafika kale. Nanga ine? Mitambo ikuda, zovala zili pachingwe, inu muli pampando kudikira kuti ndinene. Ndikubwera kogula nsalu, matumba manja onse, chitseko chotseka, ndimagogoda ndi bondo inu mukundiona pazenera. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndimaganiza kuti ndinakwatiwa ndi munthu wochedwa kumva, ndinkakumverani chisoni. Kani nzeru zilipo, mumakazigwiritsira ntchito kwa Dalaivala!"

A Msomali anaona kuti mlandu wa dzulo unali wosavuta, poti unali wabodza.

"Kuyambira lero, ndikanyamula beseni la zochapa, ndikakupezeni mwafika kale pachingwe. Sindiitana, sindicheuka."

Banjali lilipo mpaka lero, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu a Msomali amapita kumpira popanda wowafunsa. Chimene chinatha ndi tulo tawo ta Lamlungu masana. Oyandikana nawo nyumba amawaona akutuluka liwiro pakhomo la kuseri, zopanira zovala zili m'manja, pamene akazi awo akadali pampopi kufinya malaya omaliza.